Mukufuna kuyambitsa kagulu kothandiza mabanja a ana odwala khansa ya m'magazi? Gulani kaye kalendala

Anthu ambiri akangomva kuti mwana wapezeka ndi khansa ya m'magazi, leukemia ija, zimene zimayamba kubwera m'mutu ndi zidole, mabaluni ndi kukajambulitsa naye ku wodi. Nanenso ndinayamba choncho nde sindikunyoza munthu, mtima wake ndi wabwino ndithu. Koma ngati inu ndi anzanu mwakhala pansi n'kumvana kuti tiyeni tipange kagulu kathu kongodzipereka, chinthu choyamba kugula chikhale kalendala, yaikulu yokhoma pakhoma, chifukwa matendawa ndi ulendo wautali ndipo amene amayamba kutopa nthawi zambiri ndi thumba la makolo, kenako ifeyo othandizafe, mwanayo akadali ndi mphamvu zolimbana nawo.

Ndifotokoze kaye za matendawo pang'ono, poti simungathandize bwino chinthu chimene simukuchidziwa mayendedwe ake. Khansa imeneyi imayambira m'mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Maselo oyera osakhwima amachulukana mopanda malire mpaka kupanikiza anzawo abwinobwino, ndiye mwana amayamba kufooka, kuyera m'manja ndi m'maso, thupi kumangotentha, mafupa kuphwanya, mikwingwirima pathupi osamenyedwa, pena kamfuno. Mtundu wofala kwambiri mwa ana madokotala amautchula kuti ALL ndipo umakonda kwambiri ana a zaka 2 mpaka 5. Palinso wina wotchedwa AML, chithandizo chake n'cha miyezi yochepa koma chimamugwetsa mwana kwambiri ndipo amakhalitsa mu wodi. ALL imachizidwa kwa zaka ziwiri mpaka zitatu. Mwezi woyamba ndiye wamoto, kemo, mankhwala aja opha maselo a khansa, yamphamvu monga vincristine ndi ma steroid, jakisoni wa pamsana, kuikidwa magazi. Kenako miyezi ingapo ya mankhwala ena amphamvu, kenako nyengo yaitali ija mwana ali kunyumba akumwa mapilisi a mercaptopurine tsiku lililonse ndi methotrexate kamodzi pa sabata, n'kumabwerera kuchipatala kukayezetsa magazi pa madeti amene apatsidwa.

Msampha uli apa. Mwezi woyamba uja ukatha ana ambiri amaoneka kuti achira, khansa sikuonekanso akayeza, mwana akuthamanga, akudya ngati wachikulire, masaya atuluka. Makolo atopa, ndalama zatha, abwana kuntchito ayamba kufunsa mafunso, ana ena kunyumba akhala okha masabata angapo, ndiye munthu amadzifunsa kuti tikukavutikiranjinso ulendo wonse uja mwana ali bwinobwino chonchi? Deti imodzi yadumphidwa, yachiwiri, basi banja lasowa. Khansayo inali itangobisala, ndipo ikabwerera imakhala yovuta kuchiza kuposa poyamba. Bungwe la WHO limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amapezeka ndi khansa padziko lonse, m'mayiko olemera oposa 80 pa 100 alionse amachira pomwe m'mayiko ambiri osauka ndi apakatikati safika n'komwe 30, ndipo kusiyira chithandizo panjira ndi chimodzi mwa zifukwa zake zikuluzikulu. N'chifukwa chake mu 2018 anakhazikitsa ndondomeko yoti pofika 2030 ana osachepera 60 pa 100 alionse azichira. Mankhwala ndi za madokotala, koma zoti banja lifike pa deti, imeneyo ndi ntchito imene kagulu ka anthu wamba kangaigwire. Ku Recife m'dziko la Brazil, m'zaka za m'ma 1980 ana 16 pa 100 alionse odwala ALL ankasiyira mankhwala panjira, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sankafikanso olo mmodzi pa 100, ndipo ochira anakwera kuchoka pa 32 kufika pa 63. Chipatala chinasintha zambiri, inde, koma pambali pake panali bungwe la anthu ongodzipereka lotchedwa NACC limene linkapereka pogona, chakudya ndi transipoti.

Ndiye poyambira ndi kuchipatala, koma osapita ndi zikwangwani ndi matisheti osindikiza kale. Pitani awiri kapena atatu basi, mupemphe kuonana ndi nesi wamkulu wa wodi ya ana a khansa kapena wogwira ntchito yoona za umoyo wa mabanja ngati alipo, ndipo mufunse funso limodzi: kodi n'chiyani chimene chimalepheretsa makolo kubwera kapena kukhala mpaka kumapeto? Kenako khalani chete mumvetsere. Ife titapita tinali titakonza kale zoti tizibweretsa zoseweretsa Loweruka lililonse, anesi anatimvetsera mpaka kumaliza kenako anatsegula kabati n'kutionetsa katoni yodzaza zidole zaubweya zimene anthu ena anasiya, sankazipereka kwa ana chifukwa zimasunga fumbi ndi tizilombo ndipo kuchapa kwake n'kovuta. Atatero anatulutsa buku la madeti n'kuloza ndi bolopeni mayina amene sanabwere mwezi umenewo, "Mukafuna kutithandiza, tithandizeni awa." Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anandiphunzitsa kuposa semina iliyonse. Mukamvana ndi achipatala pemphani kuti chilolezo chikhale cholembedwa, chonena zimene muzichita, masiku ake ndi munthu amene muzilumikizana naye, chifukwa ogwira ntchito amasinthidwa ndipo wobwera kumene sadzakudziwani.

Sankhani ntchito imodzi yokha poyamba. Ndikubwerezanso, imodzi. Kagulu katsopano kamafuna kuchita zonse, sukulu, chakudya, uphungu, mapemphero, maphwando a tsiku lobadwa, miyezi inayi isanathe anthu abalalika aliyense akuloza mnzake. Olo mabungwe akuluakulu amene timawaona lerowa anayamba ndi kamodzi. Ronald McDonald House yoyamba, nyumba yogonamo mabanja a ana odwala pafupi ndi chipatala, inatsegulidwa ku Philadelphia m'dziko la America mu 1974, inali nyumba imodzi basi. Dokotala wa ana Audrey Evans ankaona makolo akugona pamipando m'makonde a chipatala, ndipo Fred Hill, wosewera mpira wa timu ya Philadelphia Eagles yemwe mwana wake wamkazi ankadwala leukemia, anakoka anzake kuti asonkhe ndalama. Lero nyumba zimenezi zilipo mazanamazana m'mayiko ambiri. Kwa ine ntchito yoyenera kuyamba nayo ndi transipoti ndi kukumbutsa madeti, pogona pabwere pambuyo mukalimba, chifukwa nyumba imafuna lendi, madzi, magetsi, woyang'anira ndi ukhondo wapamwamba mwezi ndi mwezi osadumphitsa.

Tsopano kalendala ija. Banja lililonse limene lavomera kuti muzilithandiza, ndipo livomere lokha osati kungotenga dzina m'buku la chipatala, mulembe deti yake yotsatira, manambala a foni awiri kapena atatu, wa mayi, wa bambo ndi wa wachibale kapena neba, chifukwa foni imodzi imatayika, imathera moto, pena imagulitsidwa kumene kuti apeze ya ulendo. Pakalendala yapakhomayo musalembe mayina athunthu, ikani nambala kapena zilembo zoyamba, buku la mayina lizikhala ndi munthu mmodzi motsekera. Ndipo muziimba deti isanafike, masiku atatu kapena anayi, osadikira kuti alephere kaye. Kaimbidwe kakenso n'kofunika. Mukangoti "mubwere Lachinayi musalephere" munthu amayankha kuti chabwino pomwe m'thumba mulibe kanthu, ulemu umamuletsa kunena. Ife tinaphunzira kufunsa chonchi: "Mayi, Lachinayi lija layandikira, ulendo mwaukonza bwanji? Ana enawo atsala ndi ndani?" Apa ndi pomwe choonadi chimatuluka, mumva zoti bambo achotsedwa ntchito, kapena agogo akukana kuti mwana azibayidwanso pamsana, kapena mapilisi anatha sabata yatha ndipo amaopa kukalipiridwa. Za mapilisizo musayankhe nokha, dziwitsani anesi tsiku lomwelo. Banja likapanda kufika imbaninso madzulo ake omwewo mofatsa, mopanda kuweruza, chifukwa munthu amene wadumpha deti amachita manyazi ndipo manyaziwo ndi amene amamudumphitsa yachiwiri.

Munthu mmodzi asapatsidwe mabanja ambiri, atatu kapena anayi akwana, ndipo akhale yemweyo nthawi zonse kuti azolowerane. Palibe chotopetsa kwa kholo ngati kufotokoza nkhani ya mwana wako kuyambira pachiyambi kwa mlendo watsopano mwezi uliwonse.

Nkhani ya ndalama ndi imene imapha magulu ambiri, ndipo sikuti nthawi zonse pamakhala wakuba ayi, kukayikirana kokha kumakwana. Tsegulani akaunti ya gulu, osagwiritsa ntchito ya munthu olo akhale wokhulupirika chotani, potapa ndalama pazisainira anthu awiri osakhala pachibale, lisiti lililonse lizisungidwa ndipo mwezi uliwonse msungichuma aziwerenga pamaso pa onse zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Fufuzani malamulo a dziko lanu okhudza kulembetsa mabungwe ndi kutolera ndalama kwa anthu, mulembetse msanga musanayambe kupempha pagulu. Pomwe zingatheke lipirani chinthucho mwachindunji, tikiti, chipinda, mankhwala amene dokotala walemba, kusiyana ndi kupereka ndalama pamanja, sikuti makolo ndi osakhulupirika koma pakhomo pamene pali njala ndi ngongole ndalama ya ulendo imapeza ntchito ina Lachinayi lisanafike, ndipo inunso mukanatero. Funani anthu opereka pang'ono mwezi uliwonse, amenewo ndi amene amayendetsa gulu, ndalama yaikulu yobwera kamodzi imasangalatsa koma imakunamizani kuti mulembe mabanja ochuluka kuposa mphamvu zanu. Musanalandire banja latsopano dzifunseni ngati mungayende nalo zaka ziwiri. Ndipo osalonjeza. Mawu oti "musadandaule tikuthandizani pa zonse" amatuluka mosavuta munthu akamalira pamaso pako, koma kholo limawasunga ngati pangano.

Cholakwa chathu chachikulu chinali cha chithunzi. Tinaika pa Facebook chithunzi cha kamtsikana kena, komwetulira, mutu wopanda tsitsi, mayi ake anavomera pakamwa pomwepo ali otopa pambali pa bedi. Ndalama zinabwera zambiri kuposa kale lonse koma aliyense ankalemba kuti ndi za mwana ameneyu. Pabedi loyandikana panali mnyamata wa zaka 13, nkhope itatupa ndi ma steroid, wosafuna kuyankhula ndi munthu, amayi ake analibe olo ya ulendo wobwerera, ndipo tinalibe chilolezo chotengako kangachepe kumupatsa. Choipa kwambiri, chithunzi chija chinafika kwa abale ndi aneba a banja lija, ena anayamba kubwera kudzabwereka ndalama poganiza kuti alemera, ana ena anauzidwa kuti asamasewere naye. Mayi aja anadzatiuza pambuyo pake motsitsa mawu kuti, "Mukanandiuza kuti chifika kutali chonchi sindikanalola." Kuyambira pamenepo thumba ndi limodzi la ana onse ndipo opereka timawauziratu zimenezo, chithunzi cha nkhope sitiika pokhapokha kholo lasaina patsiku lina litaganiza bwino, mwana wamkulupo nayenso afunsidwe, akakana zathera pomwepo, ndipo thandizo silidalira kuti avomera kujambulidwa kapena ayi.

Pali malamulo a ukhondo amene aliyense wolowa m'gulu aziwadziwa asanaonane ndi mwana ngakhale mmodzi. Kemo imagwetsa maselo oteteza thupi, ndiye kachimfine kamene inu mumangoyenda nako kakhoza kumugoneka mwana masabata. Muli ndi chimfine, chifuwa, kutsegula m'mimba, khalani kunyumba, imbani foni basi, palibe amene adzakuoneni ngati waulesi. Katsabola ndi chikuku ndi zoopsa kwambiri kwa ana amenewa, ngati kwanu kuli mwana amene akudwala zimenezi musayandikire n'komwe ndipo muwauze anesi. Kusamba m'manja ndi sopo polowa ndi potuluka, masiki akakuuzani kuti muvale, maluwa ndi zomera mawodi ambiri salola. Mphatso yabwino imene ndikuidziwa ndi temometa pamodzi ndi kuphunzitsa kholo kuiwerenga, chifukwa thupi likafika madigiri 38 mwana amene ali pa kemo ayenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku, osadikira kuti kuche, komanso osathamangira kumupatsa paracetamol asanafunse achipatala poti imabisa kutenthako. Aspirin ndi ibuprofen ayi ndithu pokhapokha dokotala atanena, magazi awo savuta kutuluka. Ndiye konzani kuti pakhale foni imodzi ya gulu yosazimitsidwa usiku, muzisinthana, ndi munthu wagalimoto amene angadzuke akaimbiridwa.

Ndipo chonde inu si dokotala. Mudzakumana ndi anthu a mtima wabwino obwera ndi mabotolo, timapaketi ta ufa, majuwisi akuti amapha khansa, zimene anaona pa intaneti. M'gulu mwanu zikhale zoletsedwa kupereka kapena kulangiza chilichonse chakumwa ngati mankhwala, olo mavitamini, chifukwa ena okhala ndi folic acid amatha kusokonezana ndi methotrexate. Kholo likakufunsani kuti kodi achira, musalosere, nenani kuti tiyeni tikafunse adokotala limodzi, ndipo muwathandize kulemba mafunso papepala asanalowe poti munthu akakhala pamaso pa dokotala zonse zimauluka. Ziwiri zokha ndi zimene mungazinene molimba mtima nthawi iliyonse, khansa imeneyi sipatsirana, ndipo mwa ana ambiri palibe chimene kholo linachita kapena kulephera kuchita kuti ibwere. Amayi ambiri amanyamula mlandu umenewu mumtima osauza munthu, mudzaona mapewa akutsika mukawauza.

Za magazi ndinene mwachidule. Ana amenewa amaikidwa magazi pafupipafupi, makamaka ma platelet othandiza magazi kuundana, ndipo ma platelet amasungika masiku 5 mpaka 7 okha pomwe maselo ofiira amatha kukhala masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Kubweretsa anthu 50 tsiku limodzi n'kuzimiririka chaka chonse sikuthandiza ngati kukhala ndi mndandanda wa anthu opita mosinthana. Kambiranani ndi osunga magazi akuuzeni nthawi imene amasowa kwambiri.

Tetezaninso anawo kwa ife tomwe. Zimamveka zowawa koma gulu lililonse logwira ntchito ndi ana limakopa ndi anthu olakwika omwe. Aliyense wolowa afunsidwe bwinobwino, abweretse anthu omuikira umboni, kumene malamulo amafuna kalata ya kupolisi ikhalepo, ndipo pasapezeke wongodzipereka ali yekha ndi mwana m'chipinda kapena m'galimoto, olo akhale wapampando. Nkhani za mabanja zisamakambidwe pa gulupu ya WhatsApp ya anthu 80, pangani ina yaing'ono ya okhawo amene akufunika kudziwa.

Pali anthu awiri amene amaiwalika pafupifupi nthawi zonse, abale ake a wodwalayo ndi bambo. Mchimwene kapena mchemwali wake amaona mayi kulibe miyezi, mphatso zonse zikupita kwa mmodzi, kusukulu magiredi akutsika, ena mpaka amaganiza kuti ndi iwo anadwalitsa mnzawo chifukwa anamenyana naye. Mukamapita kukaona banja tengani kanthu ka onse ndipo mufunse winayo dzina lake ndi kalasi imene ali. Abambo ambiri samalira pagulu, amangoti tikulimba, koma apatseni ntchito yogwira ndi manja limodzi ndi bambo mnzawo amene anadutsamo, kaya kukonza mabenchi a podikirira, mumva akuyamba kuyankhula okha. Makolo amene anadutsamo ndiwo chuma cha gulu. Candlelighters ku America inayambitsidwa ndi makolo mu 1970, Comitato Maria Letizia Verga ku Monza m'dziko la Italy inayamba mu 1979 ndipo dzinalo ndi la kamtsikana kamene kanamwalira ndi leukemia, ndipo mu 1994 magulu a makolo a m'mayiko osiyanasiyana anapanga mgwirizano umene lero umatchedwa Childhood Cancer International, omwe anayambitsa tsiku la 15 February lokumbukira khansa ya ana. Gulu lanu likakhazikika alembereni, pali zambiri zoti muphunzire kwa anzanu. Kungoti kholo limene mwana wake wangomaliza kumene kapena wangomwalira musalithamangitse kulowa ntchito, lipatseni nthawi, libwera lokha likakonzeka.

Ana ena adzamwalira, olo mutachita zonse bwino, ndipo kagulu kamene sikanakambirane zimenezi pasadakhale kamasweka pa imfa yoyamba. Gwirizanani kuti thandizo lanu lifika pati, ndani apite, ndipo amene ankayenda ndi banjalo apume kaye masabata angapo asanapatsidwe lina. Muzikumana kamodzi pamwezi popanda ajenda ya ndalama, kungofunsana kuti zikukuyenderani bwanji, amene wayamba kusowa tulo kapena kuopa kuyankha foni apumitsidwe popanda kumuchititsa manyazi. Dzina la mwanayo musalifufute pakalendala tsiku lomwelo. Ife timaika deti ina patatha mwezi umodzi, ina patatha miyezi itatu, ina pa tsiku lake lobadwa, ndipo munthu yemwe uja ankaimba kukumbutsa za Lachinayi ndi amene amaimbanso, nthawi imene anthu onse abwerera kwawo ndipo foni ya mayi yasiya kulira. Poimbapo mutchuleni mwanayo dzina lake.